Musamuseke amene wapita kumpikisano akudziwa kuti sakapambana

 Lero khalani pansi kaye, nkhaniyi ndi yaitali ndithu. Ndikufuna tikambirane za munthu amene ambiri a inu mungamutche wopenga. Ndi munthu wamba, wolembedwa ntchito ngati inu nomwe, mwina mphunzitsi, mwina namwino. Amasunga ndalama chaka chathunthu, n'kupempha tchuthi kuntchito, n'kulongedza njinga yake m'bokosi, n'kuyenda ulendo wautali kupita ku mpikisano wa triathlon, akudziwiratu kuti nambala wani sakhala iyeyo. Ine ndikuti munthu ameneyu musamuseke. Mwa anthu onse amene amaima pamzere woyambira tsiku limenelo, woyenera ulemu waukulu ndi iyeyu. Ndimvereni mpaka kumapeto.

Poyamba ndikuuzeni kuti triathlon n'chiyani, poti ena mwangomva lero. Ndi mpikisano umodzi wokhala ndi masewera atatu otsatizana popanda kupuma: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga. Wotchi ikayamba kuwerenga siima, ngakhale pamene munthu akuvala nsapato. Wa ku Olympics, umene unalowa m'masewerawo ku Sydney mu 2000, umakhala wosambira makilomita 1.5, kupalasa 40 ndi kuthamanga 10. Koma ulipo wina waukulu wotchedwa Ironman: kusambira makilomita 3.8, kupalasa 180, n'kumalizira ndi marathon yathunthu ya makilomita 42.2. Makilomita 180 panjinga, abale, ndiye kuti mwachoka ku Blantyre, mwadutsa Zomba ndi Liwonde, mwatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Mangochi. Mukatsika pamenepo ndiye muyambe kuthamanga. Mwamva?

Ironman imeneyi inayambitsidwa ndi anthu wamba. Kunali ku Hawaii mu 1978, pamene John Collins, msilikali wa pamadzi wa ku America, ndi mkazi wake Judy anaphatikiza mipikisano itatu imene inkachitika payokhapayokha pachilumba cha Oahu. Anayamba anthu 15, omaliza anali 12. Wopambana, Gordon Haller, anatenga maola 11 ndi mphindi 46. Akatswiri odyera masewerawa anabwera pambuyo. Mpaka lero, mukapita ku mpikisano wotere mupeza kuti akatswiri ndi kagulu kochepa kutsogolo, pomwe khamu lonselo ndi anthu wamba amene amaikidwa m'magulu potengera zaka zawo zobadwa.

Tsono tiyeni timutsatire munthu wathu uja. Tinene kuti amakhala ku Johannesburg ndipo akupita ku Ironman ya ku Nelson Mandela Bay, mumzinda wa Gqeberha umene mpaka 2021 unkatchedwa Port Elizabeth. Pamsewu ndi mtunda wopitirira makilomita 1,000. Akasankha ndege, njinga ija ayenera kuimasula: achotse mawilo, mapedulo, apinde mahandulo, akulunge chilichonse kuti chisathyoke, n'kuipereka kwa anthu onyamula katundu amene sadziwa kuti m'bokosimo muli thukuta la chaka chonse. Mtima umakhala m'mwamba mpaka bokosilo litulukire. Akafika kumalo ogona ayenera kuimanganso yekha, n'kuyesa mabuleki ndi magiya. Katswiri wotchuka amakhala ndi makampani omulipirira ndi anthu omuthandiza zoterezi. Munthu wamba, makaniko ndi iye mwini, wosunga chuma ndi iye yemweyo, wophika ndi iyenso.

Masiku awiri kapena atatu mpikisano usanachitike amathera pamizere. Akalembetse, amuveke kachibangili padzanja, alandire nambala, akamvere malamulo. Dzulo lake la mpikisano amakasiya njinga pamalo osinthira, pamodzi ndi zikwama zimene waikamo zovala zopalasira ndi zothamangira. Akaiwala nsapato kapena chipewa choteteza mutu, mawa palibe womubweretsera. Usiku umenewo tulo sitibwera. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha wadzuka kale, akudzikakamiza kudya pamene m'mimba mukukana, akumanga pakakolo kachipangizo kowerengera nthawi yake.

Kenako nyanja. Ku Gqeberha amasambira m'nyanja ya mchere, pagombe la Hobie Beach. Munthu amene wakhala akuphunzirira m'dziwe losambiramo la madzi oyera, loona pansi, lero akulowa m'madzi ozizira, a mafunde, pansi osaoneka. Wavala chovala cha labala chothina chotchedwa wetsuit. Kumanzere mwendo wa wina, kumanja chigongono cha wina, magalasi osambirira atha kugwetsedwa nthawi ina iliyonse. Ambiri mantha amawagwira m'mphindi zoyambirira zomwezo, mpweya n'kumaperewera. Wofuna kudzionetsa amathamangira kutsogolo n'kutopa asanafike pakati. Wodekha amalola anthu apite, n'kupeza kapumidwe kake, akudzutsa mutu nthawi ndi nthawi kuti aone zizindikiro zoyandama, kuopa kusochera n'kusambira mtunda woposa umene wauzidwa.

Apa ndi pamene muyenera kudziwa mdani weniweni wa munthu wamba. Iye salimbana ndi katswiri uja ayi, amalimbana ndi wotchi. Pa Ironman, kusambira kuli ndi malire a maola awiri ndi mphindi 20. Mukachedwa ngakhale pang'ono, akuimitsani pomwepo, njinga ija simuikwera n'komwe. Kupalasa kulinso ndi malire ake, ndipo m'mipikisano yambiri ya mtunda umenewu zonse ziyenera kutha m'maola 17. Tangoganizani: mwalipira ndege, malo ogona, ndalama yolembetsera, mwadzuka m'mamawa miyezi yonseyi, ndiye munthu wina wovala yunifolomu akugwirani paphewa n'kukuuzani kuti tsiku lanu lathera pano. Munthu wamba amakwera ndege akudziwa kuti zimenezi zitha kumuchitikira, koma amapitabe. Tandiuzani, ndi angati mwa ife amene tingaike chaka chathu chonse pa chinthu chimene chingatichititse manyazi pagulu?

Panjinga malamulo ndi okhwima. Simukhudza njinga musanamange lamba wa chipewa. Simuloledwa kubisala kumbuyo kwa mnzanu kuti akutchingireni mphepo. Muyenera kusiya mpata wa mamita angapo, apo ayi oyang'anira oyenda panjinga zamoto akupatsani chilango choti mukaime patenti kwa mphindi zingapo wotchi ikuyendabe. Tayala likaphwa, mukhale pansi m'mbali mwa msewu musinthe chubu. Mkazi wanu kapena mwamuna wanu saloledwa kukupatsirani ngakhale botolo la madzi. Ndipo Gqeberha ndi mzinda wodziwika ndi mphepo. Munthu amapalasa ndi mphamvu zake zonse koma njinga ngati yamangidwa chingwe kumbuyo.

Chinsinsi cha njinga n'choti wosadziwa sangachikhulupirire: muyenera kupalasa mochepera mphamvu zanu, ndiponso kudya musanamve njala. Thupi limasunga chakudya chokwanira maola ochepa chabe a ntchito yolimba. Chikatha, miyendo imangozima ngati nyale yatha mafuta. N'chifukwa chake anthuwa amadya nthochi ndi tizakudya totsekemera ali pachishalo, n'kumamwa pang'onopang'ono. Kumwanso madzi okhaokha mopitirira muyeso ndi ngozi, chifukwa mchere m'magazi umachepa ndipo munthu atha kukomoka. Amene amadutsa anzake modzitama pa makilomita 50 oyamba, kawirikawiri ndi yemwe mumamupeza madzulo akuyenda atagwira m'mimba. Akuluakulu ananena kale kuti kuthamanga si kufika, ndipo mpikisano uno umalanga kudzikuza mosanyengerera.

Akatsika panjinga, miyendo imakhala ngati yobwereka. Pamenepo akatswiri, amene amamaliza zonse m'maola pafupifupi 8, ena amakhala atasamba kale, akucheza ndi atolankhani. Munthu wathu ndiye akungoyamba marathon. Dzuwa limalowa iye ali pamsewu. Amathamanga pang'ono, n'kuyenda pang'ono, akuwerengera kuchoka pamalo omwera madzi ena kufika pa ena. Matuza aphulika m'mapazi, m'mimba mukukana chilichonse kupatula kapu ya Coca-Cola. Katswiri wavutika maola 8. Uyu avutika maola 15, 16, mwina kuposerapo. Aliyense wa awiriwa wayenda mtunda wofanana, koma mmodzi wakhala paululu nthawi yowirikiza, popanda mphotho ya ndalama imene ikumudikira. Ndiye ulemu tiupereke kwa ndani?

Eni masewerawa amadziwa yankho lake. Phokoso lalikulu pa Ironman limamveka ola lomaliza, pakati pa usiku, pamene anthu amadzaza m'mbali mwa kapeti ya pamzere womalizira n'kumaitanira otsalira. Ku Kona, ku Hawaii, kumene kwakhala kukuchitikira mpikisano wa dziko lonse, opambana amabwerera usiku kudzalandira omaliza ndi kuwaveka mendulo. Ndipo amene anatchukitsa Ironman padziko lapansi sanali wopambana. Mu February 1982, mtsikana wa pasukulu ya ukachenjede, Julie Moss, wa zaka 23, anali patsogolo pa amayi onse pamene miyendo inamukana pafupi ndi mzere. Anagwa, anadzuka, anagwanso. Kathleen McCartney anamudutsa n'kupambana. Julie Moss anakwawa ndi manja ndi mawondo mpaka anawoloka mzere. Anthu ataona zimenezi pa TV, ambiri anayamba kufunsa kuti mpikisano umenewu amalembetsa kuti. Mu 2012 sisitere wa Chikatolika Madonna Buder anamaliza Ironman ya ku Canada ali ndi zaka 82. Mu November 2020 Chris Nikic, mnyamata wobadwa ndi Down syndrome, anamaliza ya ku Florida m'maola 16 ndi mphindi 46, kutatsala mphindi zosakwana 14 kuti atsekeredwe kunja. Palibe mmodzi wa awiriwa amene anali pafupi ndi opambana, koma dziko likuwakumbukira.

Tsopano ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima: "Ndalama zonsezo kungokagula ululu? Ana kunyumba adya mendulo?" Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Masewerawa ndi odula. Njinga, wetsuit, ndalama yolembetsera, ulendo, zonsezi zimadya m'thumba. Amadyanso nthawi: Loweruka limene bambo akanakhala ndi ana amakhala pamsewu maola asanu akupalasa. Ndiye ndinene mosabisa. Munthu wokongola ndalama ya katapila kapena kudya fizi ya mwana kuti akatenge chithunzi pamzere womalizira, ameneyo sindikumuikira kumbuyo. Amene ndikumulemekeza ndi uja anakhala pansi ndi akunyumba kwake, anawerengera mtengo wake, n'kugwirizana. Mutu umodzi susenza denga. Pamene mmodzi akuwoloka mzere, pali wina amene wagwira pakhomo miyezi yonseyo, ndipo tsikulo wakhala ndi foni m'manja kuyambira m'mawa akutsatira nambala ija kuti aone ngati yatuluka m'madzi. Theka la mendulo ndi la ameneyo.

Ena mukuti ndi zoopsa. Zoona, anthu amafa pa triathlon, ndipo imfa zambiri zimachitikira m'madzi, nthawi zambiri chifukwa cha vuto la mtima limene mwini wake sankalidziwa. Choncho ngati nkhaniyi yakukhudzani moti mukufuna kuyesa, yambirani kwa dokotala, makamaka ngati zaka zapitako kapena muli ndi BP. Phunzirani kusambira kwa munthu wodziwa, ndipo musalowe nokha m'nyanja kapena m'damu. Musayambire pa Ironman. Ulipo waufupi wotchedwa sprint: kusambira mamita 750, kupalasa makilomita 20, kuthamanga 5. Uliponso wa theka, Ironman 70.3, wa makilomita 1.9, 90 ndi 21.1. Simufunikanso kuwoloka nyanja zamchere kuti muone masewerawa, poti ngakhale ku Troutbeck, kumapiri a Nyanga ku Zimbabwe, kumachitika mpikisano wa Africa Triathlon Cup. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chimene chimandisowetsa mtendere, okondedwa, ndi khalidwe lathu lofunsa funso limodzi lokha. Munthu wabwerako ku mpikisano, akutsimphina, sangathe kutsika masitepe, ife timangoti, "Ndiye munakhala nambala chani?" Akayankha kuti anali kumapeto, timaseka n'kumati anangotaya ndalama. Funso limeneli timafunsanso mwana amene wabwera ndi lipoti la kusukulu, ndi mayi amene wabwerera m'kalasi ali ndi zaka 45. Mapeto ake anthu amaopa kuyamba chinthu chilichonse chimene sangakhalemo oyamba, ndipo amakalamba asanadziwe kuti thupi ndi mtima wawo zikanafika pati.

Ndiye mukakumana ndi munthu wotere, kaya kuntchito, kaya pabwalo la ndege akukoka chibokosi cha njinga, sinthani funso. Mufunseni kuti m'madzi munali bwanji. Mufunseni kuti mphepo inamupeza pa kilomita iti, ndiponso chimene chinamudzutsa pamene mtima unamuuza kuti akhale pansi. Mukatero mukhale chete, mumumvere. Ndipo ngati sanamalize, ngati wotchi inamupeza panjira, musathamangire kumutonthoza ngati wafedwa. Mufunseni kuti wotsatira ndi liti.

 Ngati mukudziwa wina amene amadzuka kukada kukathamanga anthu akumunena, mutumizireni uthengawu lero lomwe.