Makhonsolo, lekani kutsekera anthu aulumali kunja

Sabata ino khonsolo ina yaika chilengezo pa tsamba lake la pa intaneti chakuti ikugulitsa maploti, ndipo ofuna kugula yawapatsa masiku owerengeka oti apereke mafomu. Chilengezocho ndi pepala lachidindo lomwe wina wangolijambula ndi foni, mopendekekanso, n'kulikweza pa tsambalo. Munthu wosaona amawerenga za pa kompyuta ndi pa foni pogwiritsa ntchito pulogalamu yolankhula, monga NVDA kapena TalkBack. Pulogalamuyi imatchula zilembo zotayipa, koma ikafika pa pepala lojambula imangomuuza kuti pali chithunzi, basi. Tsiku lotsekera lidzakwana iye asanamve n'komwe kuti kuli maploti.

Sitikukana kuti makhonsolo asuntha. Kale munthu ankachita kukwera minibasi kupita kuboma kuti akaone zomwe zamatidwa pa bolodi. Tikudziwanso kuti odziwa za makompyuta m'makhonsolo ambiri ndi ochepa, ndipo ntchito imawachulukira.

Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 10 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali, ndipo vuto lofala kwambiri ndi la maso. Amenewa amadula tikiti pamsika, amalipira msonkho wa nyumba, amavotera khansala. Dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo mu 2024 tidalandira lamulo latsopano la anthu aulumali lomwe lidabweretsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Malamulo alipo okwanira. Chikusowa n'chiyani?

Chikusowa ndi chidwi, ndipo pano sitinyengerera munthu. Chilengezo chija chisanasindikizidwe chidatayipidwa pa kompyuta ya mu ofesi momwemo. Kukopera mawu omwewo n'kuwaika pa tsamba sikufuna ngakhale tambala imodzi. Kulemba chiganizo chimodzi chofotokoza zomwe zili pa chithunzi n'kwaulere. Kuika zilembo zakuda bii pamalo oyera, zotheka kuzikulitsa, kuti mnzathu wachialubino asachite kugunditsa foni pamphuno, n'kwaulerenso. Fomu iyenera kudzazika ndi mabatani a kompyuta okha, chifukwa si onse ali ndi manja otha kuyendetsa mausi. Kanema wa bwanamkubwa akufotokoza za kolera kapena za ndalama za chitukuko za CDF, wopanda mawu olembedwa m'munsi ngakhale womasulira m'chinenero chamanja, kwa munthu wosamva ndi milomo yongogwedera. Kusachita zimenezi si umphawi ayi, ndi mphwayi komanso kuderera anthu.

Tidanenapo kale, ndipo sititopa: ndalama za misonkhano ya kunyanja sizisowa. Makhansala ndi mabwana amadzaza galimoto ulendo wa ku Mangochi kapena ku Salima kukakambirana "zosasiya wina aliyense m'mbuyo", amasainira maalawansi, amajambulitsa, n'kubwerera. Chithunzi cha msonkhano womwewo amachiika pa tsamba lomwe wosaona sangaliwerenge. Manyazi mulibe kodi? Alawansi ya usiku umodzi ya gulu lonselo ikadalipira achinyamata angapo osaona ndi osamva kuti ayese tsambalo n'kuloza pomwe pakuvuta.

Musatiuzenso kuti wosaonayo apemphe m'bale wake amuwerengere. Nkhani ya ngongole ya msonkho, ya malo kapena yofunsira ntchito ndi yachinsinsi cha mwini wake. Munthu wamkulu, wophunzira, bwanji azidikira mwana aweruke kusukulu kuti amve zomwe boma lake likunena? Paja akulu adati lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza. Shuga ndi ukalamba zikulanda maso anthu tsiku ndi tsiku, ndipo sizisankha kuti uyu ndi bwana.

Tikupempha unduna woona za maboma aang'ono kuti ulamule khonsolo iliyonse kusiya kuika zilengezo ngati zithunzi zokha, kuyambira mwezi uno. Kampani yopanga tsamba la khonsolo isalandire cheke mpaka mabungwe a anthu aulumali a Malawi Union of the Blind, MANAD ndi FEDOMA ataliyesa n'kulivomereza. MACODA ndi Malawi Human Rights Commission ayendere masamba onse ndi kutchula poyera makhonsolo olephera. Ndipo khonsolo yogulitsa maplotiyo ilembenso chilengezo chake moyenera, iwonjezere masiku, kuti aliyense apikisane nawo mofanana.