Kufufuza luso la utsogoleri lomwe akatswiri a m'boma akusowa

Kufufuza luso losowa ndi njira yomwe maunduna ndi mabungwe a boma amatsata pofuna kudziwa zomwe ogwira ntchito awo sakuzidziwa asanawatumize kumaphunziro. Ku Malawi nkhaniyi imakhudza kwambiri madokotala, mainjiniya ndi alangizi a zaulimi omwe amakwezedwa pa udindo chifukwa cha ukatswiri wawo, chonsecho sanaphunzirepo kuyang'anira anthu ndi ndalama.

Chiyambi cha vutoli

Mu 1998 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, yomwe idasamutsira ntchito zambiri ku makhonsolo. Kuchokera apo, dokotala woyang'anira zaumoyo pakhonsolo amayenera kukonza bajeti, kugawa ntchito kwa anamwino komanso kutsatira malamulo ogulira katundu wa boma. Maphunziro a udokotala sakhazikika pa zinthu zimenezi. Mkulu wotere akalakwitsa, ambulansi imatha kusowa mafuta mwezi usanathe ndipo wovutika amakhala wodwala.

Momwe kafukufukuyu amachitikira

Njira yodziwika kwambiri idafotokozedwa ndi William McGehee ndi Paul Thayer mu 1961. Iwo adagawa ntchitoyi patatu: kuona zolinga za bungwe, kuona zomwe udindo ukufuna, komanso kuona zomwe munthu amene ali pa udindowo amatha. Ofufuza amagwiritsa ntchito mafunso olembedwa, kucheza ndi ogwira ntchito ndi mabwana awo, komanso malipoti a kagwiridwe ka ntchito. Nthawi zina amapeza kuti vuto si kusadziwa koma kusowa kwa zipangizo kapena kuchedwa kwa ndalama, zomwe maphunziro sangathetse.

Momwe zilili pano

Kwa zaka zambiri maphunzirowa ankaperekedwa ndi Malawi Institute of Management ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe ndi Staff Development Institute ku Mpemba m'boma la Blantyre. Lamulo la 2022 lidaphatikiza sukulu ziwirizi n'kupanga Malawi School of Government.

Nkhani yomwe imadzetsa mtsutso ndi ya kasankhidwe ka opita kumaphunziro. Odzudzula amati ena amapita kumisonkhano ya kunyanja pofuna ma alawansi basi, pomwe amene akusowadi lusolo amatsala. Kafukufuku akachitika maphunziro asanakonzedwe, unduna umadziwa woyenera kupita, zomwe akaphunzire komanso momwe udzayezere ngati ntchito yasintha iye atabwerako.