Mawu Obwereka pa Chimbale Chotchipa

Ku Britain kunali malonda ena oyenera kuwalingalira. Kuyambira mu 1968 kufikira zaka za m'ma 1980, kampani ya Pickwick inkatulutsa zimbale zotchedwa Top of the Pops. Nyimbo ikangotchuka pa wailesi, ankaitana oyimba aganyu kuti aiyimbenso msangamsanga, akutsanzira mwini wake mawu, kapumidwe ndi zing'wenyeng'wenye zomwe. Pachikuto ankalembapo maina a nyimbo okha, a oyimbawo ayi. Mtengo unali wotsika ndithu, kotero kuti mu 1971 ziwiri mwa zimbalezi zinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa zogulidwa koposa.

Kodi linali bodza? Palibe amene analemba kuti woyimba ndi uje. Anangokhala chete, wogula nadzinamiza yekha. Kwa ine, kukhala chete kotereku ndi mphwake wa bodza.

Koma amene amandimvetsa chisoni ndi oyimbawo. Sanali osowa luso ayi. Elton John, asanatchuke, anagwirapo maganyu otere mu 1969 ndi 1970. Munthu wa mphatso yotere ankalipidwa kuti abise mawu ake, ndipo ntchito yake inkayesedwa yabwino pokhapokha womvera akalephera kumuzindikira.