Kujambula Chakudya Ndi Ntchito Yoyenera Mwana wa Mlimi

Pakati pa ophunzira athu pali ena amene mtima wawo uli pa zinthu ziwiri, chakudya ndi kamera. Makolo akawaona akuzungulira mbale ya ndiwo foni ili m'manja, amati akutaya nthawi. Ine ndikupempha kuti asawaletse. Kujambula chakudya ndi ntchito imene anthu amadyerapo, ndipo amene anakulira m'munda ali ndi mwayi woposa anzake.

Ku Britain kuli mpikisano wa ojambula chakudya umene unayamba mu 2011, ndipo kwa zaka zambiri unkadziwika ndi dzina loti Pink Lady Food Photographer of the Year. Mwa magawo ake muli gawo la chakudya chikadali m'munda ndi gawo la zokolola. Izi zikusonyeza kuti anthu safuna kuona mbale za m'mahotela zokha, koma amafunanso kuona kumene chakudyacho chachokera. Kumeneko ndi kumene inu mumakhala tsiku ndi tsiku.

Mwana wa mlimi amadziwa kuti chibwabwa chothyoledwa m'mamawa chimafota dzuwa likakwera, choncho sachedwa kuchijambula. Amadziwa tsiku limene tomato wafiira bwino koma asanafewe. Chomutsalira ndi kuphunzira kuwala. Dzuwa la masana limachita mithunzi yakuda, pamene kuwala kwa m'mawa kapena kolowera pazenera kumaonetsa mtundu weniweni wa chakudya. Pepala loyera loimikidwa kumbali ya mthunzi limabweza kuwala pa mbale. Zonsezi sizifuna ndalama, zimangofuna kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono.

Koma ntchitoyi ili ndi msampha wake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, otsatsa malonda a kampani ya Campbell Soup ku America anaika timipira tagalasi pansi pa mbale ya supu kuti masamba akwere pamwamba, supuyo ioneke ngati yodzaza. Bungwe la boma loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, linailetsa kampaniyo mchitidwewu. Chinyengo chomwecho n'chotheka kwathu kuno. Wamalonda wa ku Soweto Market ku Lusaka akatumiza galimoto chifukwa cha chithunzi cha pa WhatsApp, n'kupeza kuti tomato wabwino anali wapamwamba pa bokosi yekha, amataya mafuta ndipo sabweranso. Wojambula amakhala wataya dzina lake, komanso wapha msika wa mlimi amene anamulemba ntchito.

Ena afunsa kuti adzalipira ndani. Funsoli n'loyenera, pakuti ndalama za ntchitoyi sizibwera mwezi ndi mwezi. Komabe magulu a alimi, malo odyera, ogulitsa uchi ndi opanga chiponde onse amafuna zithunzi zogulitsira katundu wawo. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti musasiye dimba chifukwa cha kamera. Dimbalo likudyetseni pamene luso likukula, ndipo likhalenso sukulu yanu.

Nyengo ino sankhani mbewu imodzi, kaya ndi repu, impwa kapena nyemba. Ijambuleni kuyambira pa nazale mpaka itaphikidwa, osabisa tsamba lodyedwa ndi mbozi. Pokolola mudzakhala ndi zithunzi zoonetsa wofuna kukulembani ntchito, ndiponso mbiri ya munda wanu imene idzakuthandizani kulima bwino chaka chamawa.