Ndege zimatera ku Chongwe, ndalama zimakagona ku Lusaka

M'maminibasi ndi pa mawayilesi mwafala mawu akuti Chongwe wapata. Akuti poti bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lino, misonkhano ikuluikulu ndi odwala ochokera kunja adzatilemeretsa. Ife tikukana.

Bwalolo lilidi panthaka yathu, ndipo nyumba yake yatsopano inatsegulidwa mu 2021. Koma kaimeni pamphambano pomwe msewu wa kubwalo umakumana ndi Great East Road. Magalimoto a alendo amakhotera kumanja, kulowera ku Lusaka. Mu Julayi 2022 atsogoleri a African Union anasonkhana pamalo a misonkhano a Mulungushi ku Lusaka, mu Novembala 2023 kunachitikira komweko msonkhano waukulu wa zaumoyo wa Africa CDC. Ambiri anagona ndi kudya mumzinda. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Chongwe anangomva kulira kwa ndege.

Za odwala ndiye zikuyenda chobwerera. Atsogoleri a dziko lathu amwalirira kunja: Levy Mwanawasa ku Paris mu 2008, Michael Sata ku London mu 2014, Edgar Lungu ku Pretoria mu 2025. Mabanja amagulitsa ng'ombe ndi mapuloti kuti wodwala wawo akafike ku India. National Heart Hospital, yomwe ili kufupi ndi bwalo la ndege, ndi chiyambi chabwino ndipo timanyadira nacho. Koma ntchito yake yoyamba ndi kuchepetsa maulendo a ku Indiawo. Kukopa odwala a ku Malawi kapena ku Congo kubwera pambuyo, madokotala ndi zipangizo zikakwana.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi madzi. Kangapo konse mtsinje wa Chongwe waphwa m'chilimwe, anthu a paboma nkumadikira madzi a m'magalimoto atanyamula zigubu. Ndani angamange hotelo kapena chipatala pamalo pomwe mpope umauma mu Okutobala?

Kwa khonsolo ndi phungu wathu tikuti: yambani ndi madziwo. Kenako kakhaleni pansi ndi eni mahotelo a ku Lusaka, kuti ndiwo zamasamba, mazira ndi nkhuku zomwe alendo amadya zizigulidwa kwa alimi a kuno mwa mgwirizano wolembedwa, popanda kudzera kwa mavenda a pamsika wa Soweto ku Lusaka. Okonza misonkhano nawonso awuzidwe tsiku la Chakwela Makumbi, mwambo wa Asoli wa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, kuti ngakhale basi imodzi yokha ya alendo ikhotere kumanzere.