Kodi Chinapha Mphaka N'chiyani?

Angerezi ali ndi mwambi wakuti "curiosity killed the cat", kutanthauza kuti chidwi chofuna kudziwa chilichonse chinaphetsa mphaka. Amaunena kwa mwana wofunsitsa kapena kwa munthu wolowerera nkhani za eni, kuti atseke pakamwa.

Mu 1984 anyamata anayi a ku London anatenga mwambiwu n'kuusandutsa dzina la gulu lawo loimba. Chimbale chawo choyamba, Keep Your Distance, chinatuluka mu 1987 ndipo chinafika pa nambala 1 ku Britain. Dzina la chimbaleli nalonso ndi chenjezo loti munthu akhale patali. Koma nyimbo zake sizimvera chenjezolo. Ben Volpeliere-Pierrot ndi anzake anatapa malipenga a jazz, anaphunzira kaimbidwe ka soul kwa anthu akuda a ku America, n'kusakaniza zonsezo ndi pop ya kwawo. Akanaopa kusuzumira kwa ena, nyimbo ngati "Down to Earth" sizikanabadwa.

Ifenso tikuti chenjezo la mwambiwu tisalimeze lonse. Ndipotu kalelo sunkanena za chidwi. M'sewero la Ben Jonson la mu 1598, chopha mphaka chinali nkhawa. Chidwi anachiikamo pambuyo pake.

Tikaona m'makalasi mwathu, akalewo ananena zoona. Mphunzitsi akafunsa ngati pali funso, tonse timangoti zii, maso pa kope. Sikuti tamva zonse ayi. Tikuopa kuti anzathu atiseka, kapena aphunzitsi atiyesa amwano. Funso lija timapita nalo kuhositelo, ndipo limadzatipeza pa tsiku la mayeso, ndalama za fizi zimene makolo anavutikira zitapita kale. Amene akuphunzira unamwino akaopa kufunsa za mlingo wa mankhwala, wodzavutika ndi wodwala.

Pali chidwi china chimene mwambiwu umachidzudzula moyenera: kutsegula foni ya mnzathu iye atapita kosamba, kapena kufufuza za chibwenzi cha eni kuti tikasimbe kodyera. Pamenepo tikhaledi patali.

Koma pa maphunziro, makolo athu anatipatsa kale yankho: safunsa anadya phula. Sabata ino aliyense wa ife alembe funso limodzi limene wakhala akulibisa, ndipo akweze dzanja nthawi ya phunziro isanathe.