NDALAMA ZA BOMA KULIBE, ZONSE N'ZA M'THUMBA MWATHU

*Uthenga kwa achinyamata onse. Werengani mpaka kumapeto musanatumizire ena.*



Ine ndili ndi zaka 24. Digiri ndinatenga zaka ziwiri zapitazo, ili mu envulopu ya khaki pansi pa matiresi. Mwezi watha ndinaitanidwa ku intavyu pa ofesi ina ya boma. Jekete yobwereka, ya basi yobwereka. Tili pa benchi kudikira, mesenjala wa pamalopo, bambo wachikulire, anandikokera pambali n'kundinong'oneza: "Mwana wanga, ukayankhe bwino, koma usaikepo mtima. Mpandowu mwini wake alipo kale, ndi mphwake wa akuluakulu ena a kuchipani." Ndinayankha bwino ndithu. Mpaka lero foni sinalire.

Sindikulemba kuti mundimvere chisoni, ambiri a inu nkhani yanu ndi yomweyi. Ndikulemba chifukwa zomwe zinandichitikira pa benchi paja ndi matenda omwewo amene akudya dziko lonse.

*1. BOMA LILIBE MUNDA*

Tisiye kunena kuti "ndalama za boma". Boma lilibe munda, lilibe geni. Ukagula sopo, VAT. Ukagula mayunitsi, msonkho. Wa kabaza ya njinga yamoto akathira mafuta, muli malevi. Mayi anu aphunzitsi asanagwire n'komwe malipiro awo, PAYE yadula kale. Zikapanda kukwana amakakongola, ndipo wobweza ngongoleyo ndi ife amene tikhalepo zaka 40 zikubwerazi, osati madala amene akusainawo.

Makolo athu anatiphunzitsa kuti sudya mbewu, sugula suti ana alibe ufa. Nzeru imeneyi agogo osapita kusukulu amaidziwa. Ku Capital Hill kokha ndi komwe imasowa.

*2. MITUNDU YA NSALU IMASINTHA, KADYEDWE N'KAMODZI*

Wina asabwere ndi zoti tatumidwa ndi chipani. Tiyeni tiwerenge onse.

Achikasu: mlandu wa K1.7 biliyoni wa a Bakili Muluzi unakhala kukhoti zaka zoposa 10, mpaka boma linauthetsa mu 2023 popanda chigamulo. Olakwa kapena osalakwa, Amalawi sanamve yankho.

Abuluu: mu 2009 a Bingu wa Mutharika anagula ndege ya pulezidenti pa ndalama pafupifupi $22 miliyoni. Dziko la Britain linadula thandizo chifukwa cha zimenezo. Mu 2013 ndegeyo inagulitsidwa pa $15 miliyoni.

Alalanje: 2013, Cashgate. Anthu ankalowa mu IFMIS, kulipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta. Zinaululika a Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, atawomberedwa mu Sepitembala chaka chimenecho. Kafukufuku wa Baker Tilly anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inapita m'miyezi 6 yokha. Anthu ankapezeka ndi ndalama m'mabuti a galimoto.

A Tonse: K6.2 biliyoni ya Covid, anthu akumwalira posowa mpweya m'zipatala, ena ali kalikiliki kusainirana ma alawansi. Nduna ina inachotsedwa mu Epulo 2021 chifukwa cha ndalama zoposa K600,000 za Covid zomwe zinagwiritsidwa ntchito pa ulendo wa ku South Africa. Mu 2022, K750 miliyoni ya feteleza wa AIP inalipidwa ku kampani yogulitsa nyama ya ku UK. Butchala, aise! Anadzatiuza kuti ndalamazo zabwezedwa. Chabwino. Koma funso lilipobe: anadutsa maofesi angati mapepala amenewo popanda mmodzi wonena kuti ayi?

Yankho la funso limeneli ndiye mutu wa nkhani yathu.

*3. WOIKIDWA NDI CHIPANI SAKANA*

Munthu wolowa ntchito chifukwa cha mapepala ake amaopa lamulo. Wolowa chifukwa cha nsalu ya chipani amaopa amene anamuika. Akamuuza kuti saina, amasaina. Akagwidwa, womuteteza alipo. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Tinayenda m'misewu mu 2019, tinapuma utsi wokhetsa misozi, tinavotanso mu Juni 2020. Tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni ndi kutha kwa kukondera. Mwezi wotsatira kabineti inatuluka ya anthu 31, muli bambo ndi mkazi wake, muli mchimwene ndi mchemwali wake. Mkamwini wa pulezidenti anali mkulu wa zofalitsa nkhani ku State House. Amene anaimba nyimbo yodzudzula makadeti anangosoka yunifomu ina.

Mu Sepitembala 2025 boma lasinthanso. Aphungu achoka pa 193 kufika pa 229, aliyense ndi malipiro ake, mafuta ake, galimoto zolowa popanda msonkho. Tilinso ndi wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, ofesi yomwe dziko linakhala popanda iyo zaka pafupifupi 20 ndipo palibe anadwala nazo. Dziko losowa mankhwala m'zipatala likuonjezera mipando ya mabwana.

Ena amati, "Pulezidenti ayenera kugwira ntchito ndi anthu amene amawakhulupirira." Pa nduna tikuvomera, malamulo amamupatsa mphamvu imeneyo. Koma bodi ya ESCOM ikufuna munthu wodziwa za magetsi, osati wodziwa kuvina pa msonkhano. Bodi ya NOCMA ikufuna wodziwa kugula mafuta. Ku ukazembe kukufunika wodziwa kukopa malonda, osati amene analuza pa chisankho ndiye akufuna kumupukuta misozi. Magetsi akazima, mukagona pa mzere wa petulo, kumbukirani kuti penapake pali mpando womwe unaperekedwa ngati zikomo.

*4. SITIKUPEMPHA KUTI NAFENSO TIDYE*

Apa ndinene zomwe mwina ena simukondwera nazo. Boma silingatilembe ntchito tonse, ndipo lisayerekeze n'komwe. Boma likamakula, limadya malo athu. Likawononga zoposa zomwe latolera, limakakongola ku mabanki a konkuno. Banki nayo imasankha kubwereketsa boma, lomwe silingathawe, kusiyana ndi iwe wofuna kuyamba kuweta nkhuku. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti. Ndi geni yanji yomwe ungabweze nayo ngongole yotere, kupatula yakuba?

Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Titalira, anatiuza kuti maulendo akunja aimitsidwa ndipo mafuta a nduna adulidwa ndi theka. Nde funso langa ndi ili: ngati zinatheka kudula pa nthawiyo boma osagwa, ndiye kuti zaka zonse zija ankawonongeranji?

Ife tikufuna boma laling'ono, losamala ndalama, logwira ntchito zake zenizeni: chitetezo, makhoti, misewu, sukulu, zipatala. Zinazo atisiyire. Manja tili nawo, mitu tili nayo.

*5. ZA PA WAILESI NDI M'NYUZIPEPALA*

MBC timailipira ndi misonkho yathu tonse, koma kuyambira kale imaimbira amene ali pa mpando. Tsiku lolumbiritsa pulezidenti watsopano, amene dzulo anali mdani wa chitukuko amasanduka ngwazi. Yang'anani nkhani za madzulo muwerenge mphindi zomwe zapita kwa "wolemekezeka wayamikira", "wolemekezeka watsegulira".

Nyumba zoulutsa mawu zomwe si za boma nazo tisazimeze osatafuna. Ndalama zambiri za malonda zimachokera ku maunduna ndi makampani a boma, ndiye mkonzi amaganiza kawiri asanalume dzanja lomwe likumupatsa nsima. Mawu oti chipondamthengo sitinapeke ife, atolankhani eni ake amawadziwa: kaenvulopu ka pambuyo pa msonkhano. Taonanso atolankhani olusa akusanduka aneneri a boma chisankho chikangotha, ndipo mu 2020 mwini wa wailesi yaikulu ya Zodiak anakhala nduna ya zofalitsa nkhani. Ndi ufulu wawo. Nafenso ndi ufulu wathu kufunsa kuti mafunso ovuta aja atsala ndi ndani.

Koma chilungamo tinene. Atolankhani olimba mtima alipo. A Gregory Gondwe anamangidwa mu Epulo 2022 chifukwa cholemba za ndalama zomwe boma limafuna kulipira kampani ina yokhudzidwa ndi nkhani za katangale. Ngakhale a Martha Chizuma, ali mkulu wa ACB, anatengedwa ndi apolisi m'bandakucha mu Disembala 2022. Dziko lino wofufuza wakuba ndi amene amayamba kulowa m'chitokosi.

Ndiponso kusakhulupirira wailesi sikutanthauza kukhulupirira voisi noti iliyonse ya munthu wobisa dzina. Mapeji ambiri a pa Facebook amalipidwa ndi zipani zomwezi. Bodza la pa WhatsApp ndi bodza basi. Tikatumiza chinthu chimodzi chabodza, tawapatsa ndodo yotimenyera pa zoona khumi.

*6. TICHITE CHIYANI?*

Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Limatipatsa ufulu wofunsa ofesi iliyonse ya boma, ndipo iwo akuyenera kuyankha. Sabata ino:

1. Gulu lililonse lilembe kalata ku khonsolo ya kwawo kufunsa momwe CDF yagwirira ntchito: pulojekiti, mtengo, kontilakita. Sungani kope lodindidwa.
2. Funsani phungu wanu poyera ngati angavomere lamulo loika malire pa chiwerengero cha nduna ndi alangizi a pulezidenti.
3. Tikufuna mipando ya m'mabodi ndi ku ukazembe izilengezedwa m'nyuzipepala, ndipo maphunziro a osankhidwa aziikidwa poyera.
4. Musanatumize nkhani pa gulu, funsani: pepala lake lili kuti?
5. Tikatuluka ku zionetsero, palibe kuswa shopu, palibe kugwira tomato wa mayi wa pamsika. Wakuba sangadzudzule wakuba. Wokupatsani K5,000 ndi kachasu kuti mukagende, ana ake ali ku sukulu kunja.

Palibe mpulumutsi amene akubwera, anzanga. Tayesa achikasu, abuluu, alalanje, atambala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Envulopu yanga ikadali pansi pa matiresi. Mawa m'mawa ndikupita kukhonsolo ndi kalata yanga. Ya basi ndilibe, ndiyenda wapansi. Wokhala pafupi, tikumane pa geti.

*Tumizani ku magulu anu onse.*